Masupuni Opindika a Bambo

Okondedwa achemwali anga,

Landirani moni wanga wochokera pansi pa mtima. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi ana. Msana uja ukuti bwanji masiku ano? Ndikudziwa kuti mundiyankha kuti uli bwino, chifukwa anamwino nonse ndinu amodzi. Mumakalipira odwala kuti agone, inu eni mukuyenda chowerama muwodi tsiku lonse.

Nanga bambo adzuka bwanji? Funso limeneli ndalilemba n'kulifufuta kawiri, chifukwa yankho lake ndikulidziwa, ndipo ndi limene landigwiritsa cholembera lero.

Ine kuno thupi lili bwino, chimfine chija chinatha. Chimene sichili bwino ndi mtima.

Mudabwa kuti munthu ali ndi foni m'manja akulemberanji kalata. Sabata ino ndakuimbirani katatu, ndipo katatu konse ndinathera kufunsa za mayeso a ana ndi za mvula. Ine amene kunyumba mumati pakamwa panga sipatsekeka, lilime linauma gwa. Ndiye alamu atandiuza kuti adutsa kuno ndi lole yawo Lachisanu pobwerera kunyumba, ndinati basi, pepala lilankhule. Akupatsaninso kaphukusi kokulunga m'mpango wabuluu. Chonde musakamasule musanafike kumapeto kwa kalatayi.

Lachiwiri munandiuza pafoni kuti matenda oiwala a bambo akula. Munati masiku ano akumamenya chitseko mpaka anansi kudandaula, chakudya mukumachipeza chosakhudza, zikhadabo zawo zathyokathyoka, ndipo masupuni onse amene mumawasiyira m'chipinda akupindika, simukudziwa kuti akumawatani. Munati Lolemba mupita nawo kwa dokotala, ndipo iye wanena kale kuti awayambitsa mankhwala oti azigona masana onse kuti asadzipweteke.

Achemwali, musawayambitse mankhwalawo musanamve zimene ndikufuna kukuuzani. Chifukwa chimene masupuniwo akupindikira ndikuchidziwa.

Ndiyambire kusukulu kuno, kuti mumvetse mmene nkhaniyi inandipezera. Mukudziwa kuti pa digiri yachiwiriyi ndinasankha milandu ya kulakwirana pakati pa anthu, ija yosadzera kupolisi, imene munthu amakasumira mnzake yekha kukhoti. Chaka chatha tinathera pa kusasamala: dalaivala wosinza pachiwongolero, womanga nyumba wosiya dzenje losatseka. Imeneyo inali yopepuka mumtima, poti wolakwayo amakhala sanafune.

Chaka chino tili pa zolakwa zimene munthu amachita akuona ndi maso ake. Kuipitsa mbiri ya mnzako, kulowa pamalo a mwini popanda chilolezo, kusautsa anansi ndi utsi kapena phokoso, kutenga chinthu cha mwini n'kuchisandutsa chako, ndi kutsekera munthu.

Amatiphunzitsa ndi mayi wina wachikulire amene anakhalapo woweruza milandu zaka zambiri. Tinawapatsa dzina loti a Komano, chifukwa ngakhale uyankhe bwino chotani, amagwedeza mutu, kuvula magalasi, n'kuyamba ndi mawu akuti komano. M'kalasimo tilimo khumi ndi awiri basi. Timakhala mozungulira tebulo limodzi lalitali m'kachipinda ka pamwamba pa laibulale, ndipo mulibe pobisala.

Masabata atatu apitawo anatipatsa funso. Anati tiyerekeze kuti munthu wagona tulo m'chipinda masana. Wina wabwera, wakhoma chitseko kunja, wapita. Patapita maola awiri wabwerera n'kutsegula, wogona uja asanadzuke, ndipo sanadziwe kanthu. Kodi walakwiridwa?

Mng'ono wanu amene mumamudziwa uja anakweza dzanja woyamba. Ndinati palibe mlandu, chifukwa munthu amene sanamve kuwawa, sanachite mantha, sanalephere kupita kulikonse kumene ankafuna, alibe chodandaula. Ndinalankhula mphindi zisanu osapuma, anzanga akuvomera ndi mitu. Mnzanga wina amene anali wapolisi asanabwere kusukulu, timamutchula kuti Sajeni, anachita kundimenya paphewa kuti nkhani ndaitha.

A Komano anavula magalasi. Anati komano ufulu wa munthu sudalira kuti iye akuumva kapena ayi. Anati m'zigamulo zimene tikuwerengazi, munthu akhoza kutsekeredwa ali m'tulo, ataledzera, atakomoka, ngakhale mutu wake utasokonekera, ndipo mlandu umakhalapo ndithu. Kusadziwa kwake kungachepetse chipepeso, koma sikufufuta cholakwa. Kenako anandiyang'ana n'kufunsa chimene ndinalimbikira chotero, ngati kuti wokhoma chitsekoyo ndi m'bale wanga.

Anzanga anaseka. Inenso ndinaseka nawo.

Loko wa pachitseko cha bambo ndinakhoma ndine, simunaiwale. Chinali chaka chatha, atasowa masiku awiri n'kukapezeka kumsika wa matabwa, mwendo uli magazi okhaokha njinga itawagunda, akufunsa anthu njira ya kushopu yawo imene inagwetsedwa kalekale. Tinakhala pansi atatu, inu, ine ndi alamu, titagwira njakata. Inu ntchito kuchipatala, ana kusukulu, alamu pamsewu, ine ulendo wobwerera kuno. Nzeru ya loko inachokera kwa ine, ndipo ndinailimbikitsa ndi mawu omwe aja ndinadzanena m'kalasi, kuti bambo sadzadziwa n'komwe.

Chimene simukudziwa ndi mmene ndinakhomera, poti tsikulo munali kuntchito. Ndinatulutsa bokosi lawo la zida pansi pa kabati. Atangomva kulira kwa zitsulo anabwera n'kuima kumbuyo kwanga, manja ali kumsana, monga ankachitira ndi anthu awo a kushopu. Chitseko chija mukukumbuka kuti anachipanga okha tili ana, cha matabwa asanu, mahinjesi ake aatali omangira mkati.

Anandiuza kuti chitsulo chokolowekapo loko ndachipendeketsa. Anandilanda pensulo n'kulemba okha pamene masikuluwu ayenera kulowa. Kenako anawagwira m'dzanja n'kumandipatsa limodzilimodzi, monga ine ndinkawagwirira misomali kushopu mpaka kundipatsa dzina loti Kamsomali.

Titamaliza anamuyesa lokoyo, anamukoka kawiri, n'kuyamikira kuti wagwira bwino. Kenako anafunsa kuti nanga poti loko ali kunja, m'chipindamo tikufuna kusungamo chiyani. Ndinawayankha kuti katundu. Anati ndiye kuti ndi katundu wofunika, timusamale.

Zimenezo ndinazikwirira mumtima chaka chonse. Koma si zimene ndikuulula lero. Zoipitsitsa zinachitika pa tchuthi chapitachi.

Linali Lachitatu la sabata yomaliza. Munandisiyira kiyi m'mawa mukupita kuntchito. Ndinawaikira tiyi m'fulasiki, buledi, wailesi, ndi ndowa ija pakona, ndinakhoma, n'kupita kukajambulitsa mapepala a kusukulu. Ndinakuuzani kuti ndibwera madzulo, koma kumeneko magetsi anali atazima, ndiye ndinabwerera dzuwa lili pamutu.

Nditalowa m'nyumba ndinapeza loko ali chikhomere, koma chitseko chili chotsegula. Chinali chitatseguka mbali inayo, ya mahinjesi. Pansi pake panali kathabwa kochirikiza kuti chisalendewere, ndipo pawindo panali sosala, masikuluwu asanu ndi limodzi atandandalikidwa bwinobwino. Ndinathamangira kugeti, koma linali lotseka monga ndinalisiyira.

Ndinakawapeza kuseri, atakhala pasitepe ya kukhitchini, padzuwa, mpando uja wogwedera atauika pamiyendo akumanga mwendo wake. Mukukumbuka munkadabwa kuti chitseko cha kabati chinasiya chokha kulira, ndi kuti chogwirira cha ketulo chinalimbanso, n'kumati mwina ndi alamu? Si alamu ayi. Alamu mundikhululukire, sadziwa n'komwe mbali yogwirira hamala.

Sanandizindikire. Anandiyesa kasitomala. Anandipatsa moni waulemu, nati ndidikire pang'ono amalize kaye mpando wa eni ake. Ndinakhala pansi pambali pawo n'kuwafunsa kuti atuluka bwanji. Anaseka kuseka kwawo kuja kwa m'mphuno, nati chitseko chili ndi mbali ziwiri, ndipo amene anakhoma loko uja ndi mmisiri wabwino ndithu, kungoti ndi wamng'ono.

Anandionetsa sikuludiraiva yawo yakale, ija ya chogwirira chamtengo chong'aluka chimene anachimanga ndi waya. Anati amaisunga m'jombo ya kumanzere pansi pa bedi. Anati nyumba ikangoti zii amatuluka, tsiku lililonse, kudzawothera dzuwa, kukonza zimene zagwedera, ndi kupita kuchimbudzi ngati munthu, poti ndowa ndi ya odwala. Geti anati sadutsa, chifukwa misewu anthu anaisintha, siikupitanso kumene inkapita. Belu la sukulu ya kuseri kwathu likalira, amalowa n'kubwezera chitseko.

Kenako anatsitsa mawu n'kundipempha kuti ndisakamuuze mwana wawo wa kuchipatala. Anati mtsikanayo amatopa kwambiri, ndipo amagwira ntchito mtima uli m'malo akamaganiza kuti iwo ali mkati. Dzina lanu sanalikumbukire, achemwali, koma kutopa kwanu ankakudziwa. Ndinawalonjeza kuti sindinena.

Belu litalira anapukuta manja, anabwezera mpando pamalo pake, anandiuza kuti ndibwere mawa, n'kulowa. Ndinaima panja pa chitseko kumvetsera masikuluwu akulowa limodzilimodzi. Mutabwera madzulo munandifunsa ngati bambo avuta, ndinati ayi, akhala bwino.

Masiku awiri ndinayenda nayo nkhaniyi. Lachisanu m'mawa, tsiku langa lonyamuka, inu mukuwasambitsa kubafa, ndinalowa m'chipinda chawo. Ndinagwada pansi pa bedi, ndinapisa dzanja m'jombo ya kumanzere, ndinatenga sikuludiraiva ija n'kuiika m'chikwama changa pakati pa mabuku. Kenako ndinawatsanzika, anandigwira dzanja n'kundifunira ulendo wabwino.

M'basi ndinkadziuza kuti ndawateteza. Lero ndinene zoona: ndinkadziteteza ndekha. Ndinaopa kuti tsiku lina adzadutsa geti, kudzachitika zoopsa, ndipo ine ndidzakhala munthu amene ankadziwa koma osanena. Ndinaopanso kukuuzani, chifukwa mukanati ndiye khala uziwayang'anira, pamene ine mtima unali kale kusukulu. Kutenga kachitsulo kaja kunali kosavuta kuposa zonse ziwiri. Ndikuchita manyazi polemba izi.

Ndibwerere m'kalasi mwa a Komano. Patapita sabata kuchokera pa funso la munthu wogona uja, tinapitiriza mutu womwewo. Anati kuti mlandu wa kutsekera munthu ukhalepo, ayenera kutsekeredwa mbali zonse. Ngati pali njira ina yotulukira, imene iye akuidziwa ndipo si yoika moyo pachiswe, ndiye kuti wangosautsidwa chabe, sanatsekeredwe. Sajeni anafunsa mwanthabwala ngati windo la pansanjika yachitatu lingawerengedwe, anthu anaseka.

Ine ndinapumira m'mwamba. Ndinati kani chaka chonse chija bambo anali ndi njira yawo, ndiye kuti loko wanga sanali ndende. Ndisanamalize n'komwe kusangalala, magalasi anavulidwa. A Komano anati komano wina akaiona njira yomalizayo n'kuitseka mwadala, ameneyo ndiye wamaliza ntchito.

Sindinalembe kanthu tsiku limenelo. Sikuludiraiva inali m'dirowa ya tebulo langa kuhositelo, pansi pa masokosi, ndipo ndinkaimva kulemera ndili m'kalasi.

Mwaona tsono, achemwali. Loko tinagwirizana tonse, koma chaka chonse bambo anali ndi dzuwa lawo. Ndende yawo inayamba m'mawa umene ndinapisa dzanja m'jombo. Pamutu wa kutenga chinthu cha mwini ndilinso momwemo. Mwa zolakwa zisanu zimene tikuphunzira chaka chino, ziwiri ndazichita kale kwa bambo anga ondibereka. Akanati azipereka malikisi a zochita, m'kalasi monse palibe akanandiposa.

Musaganize kuti ndinagonja msanga. Mukundidziwa. Ndinatha masiku atatu m'laibulale kufunafuna pothawira, monga loya aliyense amene kasitomala wake zamuthina. Pothawira pake palipo: lamulo limalola kumugwira munthu pofuna kumupulumutsa ku ngozi, koma pa nthawi ya ngoziyo yokha ndi pamlingo wofunikira wokha. Inu mukhoza kuima pamenepo. Munaona magazi pamwendo wawo, munkachokera kuwodi mtima uli m'mwamba, ndipo simunkadziwa njira ina. Ine sindingaimepo. Ndinawaona ndi maso angawa atakhala pasitepe, geti lili poteropo, iwo osaliyang'ana n'komwe.

Choseketsa, ngati n'choseketsa, zonse zimene ndinafufuza masiku atatu amenewo ndinazilemba m'chimangirizo cha teremu ino, ndipo ndinapeza malikisi apamwamba kuposa onse. Pansi pake a Komano analemba kuti wolembayu akuoneka kuti akuumva mutuwu. Pepalalo ndinalipinda, lili m'dirowa yomweyo.

Ngakhale zinali choncho ndinakhalabe chete. Ndinkati mwina bambo aiwala kuti anali ndi chida, poti amaiwala zonse. Mpaka foni yanu ya Lachiwiri.

Mutangotchula masupuni ndinakhala pansi pamasitepe a hositelo. Chogwirira cha supuni chimalowa pamutu wa sikuluwu, achemwali, koma chitsulo chake n'chofewa, chimapindika musanazungulitse n'kamodzi komwe. Supuni ikapindika amatenga ina. Zikatha amayesa ndi zikhadabo. Akalephera amamenya chitseko. Chakudya akuchisiya chifukwa safuna kukhalira ndowa. Ine si dokotala, mwina matendawo akukuladi, sindingakane. Koma zimene munandifotokozerazo ndi mmisiri amene akufunafuna chida chake kwa miyezi iwiri, ndipo chida chakecho chili pansi pa masokosi anga.

Inu munkalira pafoni, kunena kuti mwalephera kuwasamalira bambo. Ine ndinakuuzani kuti mulimbe mtima. Pa zonse zimene ndachita, mawu amenewo ndi amene akundinyansa kwambiri.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi ya a Komano. Ndi kachipinda kodzaza mabuku mpaka pawindo, mpando wa alendo umachita kuchotsapo kaye mulu wa mapepala. Ndinayamba monga amayambira amantha onse, kuti ndili ndi mnzanga amene ali ndi vuto. Ndinafotokoza za loko, za mahinjesi, za jombo, za masupuni. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anandifunsa kuti bambo anga ankagwira ntchito yanji.

Ndinati anali kalipentala, ndipo ndinalira ngati mwana. Anandisiya ndilire, iwo akusanja mapepala.

Nditatonthola anati mlandu umenewu sudzafika kukhoti lililonse. Mkuluyo sadzasuma, sadzapempha chipepeso, mwina sadzadziwa n'komwe amene anamulakwira. Anati pa zaka zawo zonse zoweruza, milandu imene inkawasowetsa tulo ndi yotereyi, yopanda wodandaula, chifukwa woweruza wake amatsala wolakwa yemweyo. Ndinawafunsa kuti ndichite chiyani. Anati ntchito yawo inali yonena amene walakwa, kukonza kunkakhala kwa anthu eni ake akabwerera kunyumba.

Ndinapempha fomu yoimitsira maphunziro. Anandiuza kuti malo anga akhoza kusungidwa chaka chimodzi, kupitirira apo sangalonjeze, ndipo ambiri amene amapita motere sabwerera. Ndinati ndamva. Ndinadikira komano wawo, sanabwere. Anangotenga cholembera n'kusaina.

Ndikudziwa chimene munene. Munene kuti ndapenga, kuti kwangotsala miyezi isanu ndi iwiri, kuti mayi akanakhala moyo akanandibweza ndi mwendo womwewo. Mwina n'zoona. Sukuluyi ndimaikonda, sindikunamizani, ndipo fomuyo nditakaipereka ndinabwera kuchipinda n'kudzitsekera. Koma zaka zitatu izi inu mwanyamula bambo, ine ndanyamula mabuku, n'kumabwera pa tchuthi kudzakupatsani nzeru za maloko. Sindingakhale patebulo lija n'kumatsutsana za ufulu wa munthu wogona, bambo anga akugonekedwa ndi mankhwala chifukwa cha dzanja langa.

Tsopano masulani kaphukusi kaja.

Chonde musaibwezere m'jombo mobisa, monga ine ndinaitengera. Muwapatse m'manja. Sindikudziwa ngati aizindikire, koma ndikhulupirira kuti dzanja lawo liizindikira ngakhale mutu utakana.

Kwa dokotala pitani nawobe Lolemba, zala zawo zikufunika kuonedwa. Koma mumuuze zonse zimene ndalemba muno, ngakhale kumuwerengera kalatayi, ine manyazi ndatha nawo. Mumupemphe adikire kaye sabata ziwiri asanayambe mankhwala ogonetsawo. Ngati pambuyo pake bambo adzakhale akumenyabe zitseko, ndiye kuti ndalakwitsanso, ndipo ndidzawamwetsa ndekha.

Ine ndifika Loweruka la sabata yamawa, ndikangobweza mabuku a laibulale ndi kiyi wa kuhositelo. Masiku apakatiwa ndikupemphani kuti chipinda chawo musakhome. Khomani geti lokha, ndipo mupemphe mayi aja osoka zovala pakhonde moyang'anizana nafe kuti aziponya diso. Ndikudziwa kuti a Komano akanati komano geti nalonso ndi chitseko. N'zoona. Koma mkati mwa geti muli dzuwa, muli chimbudzi, muli mipando yogwedera. Ndikafika tidzaona za getilo. Ndikufuna ndiziyenda nawo kumsika wa matabwa m'mawa, akanunkhize utuchi, n'kubwerera nawo pamodzi.

Ndikudziwa kuti zimenezi zikuikani pa mantha amene munali mutapumako. Muzikagwira ntchito mukuganiza za geti. Bambo ankafuna kukupewetsani zomwezo, ndipo ine ndaphwanya pangano limene ndinapangana nawo pasitepe paja. Chimenecho nachonso chiwerengedwe pa ine.

Ngati mukufuna kundikalipira, imbani foni mundikalipire, sindidzadula ndipo sindidzayankha ngati loya. Ngati simukufuna kumva mawu anga mpaka nditafika, ndimvetsa. Chimodzi chokha musachiganize, kuti ndikubwera kudzakuweruzani. Munachita zimene munthu wotopa ndi wachikondi akanachita. Munkawasambitsa tsiku limene ine ndinkawabera.

Lokoyo mumuchotse mumuike m'dirowa, koma chitsulo chake chimene chili pachitseko muchisiye. Ndinachikhoma ndine, ndidzachichotsa ndine. Ndikufuna ndidzatulutse bokosi la zida, iwo adzaime kumbuyo kwanga manja ali kumsana, adzandiuze kuti ndikupotoza molakwika, ndipo masikuluwu ndizidzawapatsa m'dzanja limodzilimodzi. Mwina adzandifunsa kuti katundu wofunika uja tamusamutsira kuti. Ndakhala ndikuyeserera yankho lake, ndipo ndapeza limodzi lokha. Ndidzawauza kuti munalibe katundu m'menemo, munali bambo anga.

Mundiperekere moni kwa ana, muwauze kuti mayi awo aang'ono akubwera ndipo homuweki ya masamu isawapezenso akusewera. Alamu muwathokoze ponyamula kalatayi, sakudziwa zimene zilimo, zili kwa inu kuwauza kapena ayi. Mayi osoka aja muwapatsenso moni wanga.

Mulungu akusungeni, achemwali, akupatseni mphamvu ndi tulo tabwino, ndipo akupatseni mtima wondikhululukira, ngakhale si lero.

Bambo mukamawapatsa chida chawo, musanene kuti chinasochera, musanenenso kuti ndinabwereka. Muwauze kuti amene anachitenga wabweza, ndipo akubwera kudzapepesa yekha.

Ine mng'ono wanu,
Kamsomali